Mafuta okazingira chipisi akulowa m'ndege

Lero tikambe za mafuta akuda bii aja, amene takazingira chipisi kangapo kenako n'kukataya kuseri. Kunjaku makampani akuluakulu akuchita kuwalimbirana.

Mu refinery, fakitale yoyenga mafuta a pansi pa nthaka, muli chithanki chotchedwa hydrotreater. Ntchito yake n'kuchotsa sulfure mu dizilo pogwiritsa ntchito mpweya wa hydrogen, kukutentha kwambiri. Ndiye akatswiri anaona kuti ukathiramo mafuta ophikira kapena a nyama limodzi ndi a pansi aja, hydrogen yemweyo amachotsa oxygen wa m'mafuta ophikirawo, n'kutuluka dizilo weniweni. Pachingerezi amati co-processing.

Tisasokoneze ndi ethanol wathu wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ife refinery tilibe, timangosakaniza ethanol ndi petulo woyengedwa kale. Apa zinthuzo zimaphikidwa mumphika umodzi.

Ku Brazil, kampani ya Petrobras imapanga Diesel R5, dizilo amene magawo 5 pa 100 alionse amachokera ku zomera. Mu 2018, malamulo a bungwe la ASTM analola magawo 5 omwewo pa mafuta a ndege. Mwina mukuti, asanu okha basi? Eetu. Mafuta ophikira amadya hydrogen wambiri, amakweza kutentha m'thanki, asidi wake amadya mapaipi, ndipo zinyalala ngati phosphorus zimaononga catalyst, mankhwala ofulumizitsa ntchitoyo. Komabe makampani amaikonda njirayi chifukwa safunika kumanga fakitale yatsopano. Ine ndimati n'chiyambi chabwino, bola asamatiuze kuti mafuta onsewo ndi oteteza chilengedwe pomwe magawo 95 ndi a pansi omwe aja.

Nanga zikasakanikirana chonchi, tidziwa bwanji kuti za zomerazo zilimodi? Amayeza carbon-14. Chomera chilichonse chimakhala naye, ndipo amachepa ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse. Mafuta a pansi akhala zaka mamiliyoni, mwa iwo anatha kalekale.

Koma pali pamene muyesowu umagomera. Sungasiyanitse mafuta okazingira kale ndi mafuta a kanjedza atsopano, onse ndi a zomera. Ku Ulaya mafuta ogwiritsidwa kale ntchito amagulidwa bwino chifukwa malamulo amawakondera, ndiye akuluakulu a kumeneko akhala akufufuza ngati ena ochokera ku Asia si a kanjedza ongosinthidwa dzina papepala. Zikakhala choncho, ndiye kuti nkhalango zikugwetsedwabe kuti adzalepo kanjedza, uku ndegeyo ikutchedwa yosamala chilengedwe.