Kiyibodi ndi Mausi Zopanda Waya: Pamene Ambiri Akupunthwa

Ndikulankhula ndi inu nonse, amayi ndi abambo, aphunzitsi ndi ophunzira, amene mwatchera khutu madzulo ano m'chigwa cha Domasi, pa Songani, ku Malosa, ndi inunso a kutsidya kwa mtsinje amene mwangofika kumene kuchokera kokapalira. Lero ndinali nditakonza zoti tikambirane za kasamalidwe ka kompyuta pa nyengo ino ya mvula ndi ziphaliwali, koma makalata amene akhala akufika chiyambire Januwale, ena a pamanja, ena a pa WhatsApp, andikakamiza kupatuka, pakuti ngakhale eni ake sadziwana, dandaulo lawo ndi limodzi: kiyibodi ndi mausi zopanda waya, zimene adagula mokondwa ku Zomba kapena ku Limbe, zaleka kuwamvera.

Mphunzitsi wina akuti akalemba dzina la mwana pa mndandanda wa mayeso, zilembo zina zimatsalira m'njira, mwakuti Chikondi amasanduka Chkond. Wophunzira wina wa pa Domasi College of Education, amene ali pakati polemba ripoti la kafukufuku wake, akuti kamuvi ka mausi kamanjenjemera, kenaka n'kuima. Ndipo mayi wina, mwini shopu yotayipa ndi kufotokopa, akuti zonse ziwiri zidafa tsiku limodzi popanda kugwa kapena kunyowa, ndipo akufunsa ngati adagulitsidwa katundu wachinyengo.

Mayi, musafulumire kutsutsa wogulitsa. Chigwa chathu chino chadziwa zolembalemba kuyambira pamene amishoni a Church of Scotland adakhazikika pa Domasi m'chaka cha 1884, ndipo makolo athu, amene adayamba ndi sileti, nafika pa cholembera choviika mu inki, nadzaphunzira taipi, ankadziwa kuti chida chilichonse chili ndi kanthu kake kakang'ono kamene kakatayika ntchito yonse imaima. Pa zida za lerozi kanthuko ndi karisiva, kaja kakuda, kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kamene mumalowetsa pa bowo la USB. Za kuika mabatire molunjika sindinenapo, pakuti ndani mwa inu sadaikepo miyala mu tochi? Koma pa karisiva ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ambiri mukupunthwa.

Taonani kamwana ka mbuzi. Pakati pa gulu lonse likulira, iko kamamva kulira kwa make yekha, ndipo mbuzi ina, ngakhale yofanana mawanga, ikafuna kukaitana sikatembenuka. Momwemonso kiyibodi ndi mausi zanu: zidalumikizidwa ndi karisiva kake kufakitale, zisanalowe m'katoni, ndipo pa maseti ambiri otsika mtengo ubale umenewo simungaumange ndi karisiva kena. Chotero inu amene muli ndi maseti atatu kapena anayi ofanana m'chipinda cha aphunzitsi, amene Lachisanu mumazula tirisiva tonse n'kutiponya m'chitini chimodzi pamodzi ndi choko ndi mapini, mukudzipalira nokha mkangano wa Lolemba m'mawa. Ndidaonapo ndi maso anga, pa sukulu ina imene sinditchula, mphunzitsi akumenya kiyibodi mwaukali kuti siikulemba, pamene mawu ake onse anali kutuluka pa kompyuta ya mnzake ya pa desiki yachiwiri, mnzakeyo ali kukamwa yasa, kuganiza kuti makina alowa ziwanda. Tengani penti ya m'zikhadabo kapena kachidutswa ka selotepi, muike chizindikiro chimodzi pa kiyibodi, pa mausi, ndi pa karisiva kake, lero lomwe, wailesi ino isanatseke.

Ndipo mayi wa shopu uja, fufuzani bwino kumbuyo kwa kompyuta yanu. Shopu yotayipa imalandira mafulashi ochuluka pa tsiku. Wobwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito amalowetsa yake, ndipo pochoka, kaya mwangozi kaya mwadala, amazula kamene dzanja lake lakhudza. Zonse ziwiri zikafa pa mphindi imodzi, kawirikawiri si matenda ayi, koma kuti make wa mbuzi wachoka m'khola. Amene mumayenda ndi laputopu m'chikwama, pa minibasi kapena pa kabaza, tembenuzani mausi yanu, mutsegule pamene pamakhala batire: opanga ambiri adasiyamo kamalo kosungiramo karisiva, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu ophunzira bwino amatha chaka chathunthu asanakaone. Safunsa adadya phula.

Tsopano za malo ake, pakuti kukhala nako sikukwanira. Zida izi zimalankhulana pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, ndipo pa katoni amalemba kuti zimamvana mpaka mamita 10. Koma mamita amenewo ndi a pabwalo poyera, popanda chotchinga. Inu mumatani? Mumatenga karisiva n'kukalowetsa kumbuyo kwa bokosi la kompyuta, limene ndi lachitsulo, bokosilo n'kulikankhira pansi pa desiki yachitsulonso, kukhoma, pakati pa mawaya opiringizana. Ndipo mukatero mumadabwa kuti zilembo zikudumpha. Kamwana ka mbuzi kangamve bwanji make ali kuseri kwa chulu, mphepo ikuwomba? Bweretsani karisiva kutsogolo, pamene kangaonane ndi mausi. Ngati kutsogolo kulibe bowo, gulani kawaya kotalikitsa USB, kamene mtengo wake sufika ngakhale theka la seti yatsopano, mukagoneke karisiva pamwamba pa desiki.

Palinso msampha wina umene ngakhale akatswiri ena saudziwa. Yang'anani mkati mwa mabowo a USB: ena ndi akuda, ena ndi a buluu. A buluuwo ndi USB 3.0, othamanga kwambiri, ndipo kampani ya Intel idafotokoza m'chaka cha 2012 kuti pamene akugwira ntchito amatulutsa phokoso la mafunde lomwe limagwera m'dera lomwelo la 2.4 GHz. Wophunzira wa pa koleji uja, ndikukayika ngati si ichi chikukuvutani: mwalowetsa hadi diraivi yosungira ripoti lanu pa bowo la buluu, karisiva kali pambali pake penipeni, ndipo kamuvi kayamba kunjenjemera nthawi imene mukukopera mafayilo. Kasamutsireni mbali ina ya laputopu. Kabokosi ka Wi-Fi nako kamalankhula pa mafunde omwewo. Musakakhazike mogundana ndi mausi.

Ndikumva wina kumeneko, mwina bambo wachikulire amene wagwira ntchito zaka zambiri pa makina a ofesi, akung'ung'udza kuti, "Nanga zonsezi n'zachiyani? Ya waya ija idalakwanji?" Bambo, ndisiye kaye zimene ndinakonza kuti ndikuyankheni, pakuti funso lanu ndi la nzeru. Siidalakwe kanthu. Kompyuta imene imakhala pa desiki imodzi chaka chonse, makamaka m'chipinda chophunzitsiramo ana makumi angapo, ndinena mosabisa kuti ya waya ndiyo yoyenera: siifuna batire, ilibe karisiva koti kalowe m'thumba la yunifolomu, ndipo ikagwa imalendewera pa chingwe chake m'malo mofika pa simenti. Yopanda waya ipindulira mphunzitsi amene akuonetsa phunziro pa pulojekita ali chiimire kumbuyo kwa kalasi, kapena iwo amene amakhala tsiku lonse pa laputopu, monga olemba mabuku a sukulu ku Malawi Institute of Education, amene khosi limafuna kuti sikirini ikwere pamwamba, manja atsale pansi. Koma kugula kokha chifukwa mnzako wagula, pamenepo walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndi mabatire.

Pa mabatirepo ndingonena mwachidule, ngakhale mtima ukundiwawa. Aja otchipa a pa msika, opepuka m'manja, ndi a zinki ndi kaboni; sakhalitsa, ndipo akatha amakha madzi amene amadya tizitsulo ta m'kati. M'chinyezi cha miyezi ino, pamene nkhungu imatsika m'phiri la Malosa ndipo ngakhale mchere umalira m'botolo, dzimbiri silichedwa. Gulani olembedwa kuti alkaline, AA kapena AAA monga mwa chida chanu, ndipo musaphatikize latsopano ndi lakale. Mukamapita ku holide, achotseni. Mukapeza unga woyera wouma pa kasipuling'i, umene umachokera ku batire la alkaline, pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi madzi a ndimu kapena viniga, muumitse bwino, ndipo musambe m'manja. Pansi pa mausi pali kaswichi. Muzimitse musanaiike m'chikwama, chifukwa kugwedezeka kulikonse kwa pa msewu wa ku Liwonde kumaidzutsa, ndipo imadya batire ulendo wonse popanda ntchito. Ndipo inu a desiki ya galasi kapena yonyezimira: mausi wamba siiona bwino pamenepo, yalani ngakhale chikuto cha kope.

Tibwerere kwa amene karisiva kadatayika kale, pakuti ndikudziwa alipo ambiri amene angokhala chete ndi manyazi. Yang'anani pansi pa mausi ndi pa kiyibodi. Mukaona kachizindikiro ka mtundu wa lalanje kooneka ngati nyenyezi, muli ndi mwayi: chimenecho ndi cha Logitech Unifying, njira imene idayamba m'chaka cha 2009, ndipo karisiva kamodzi ka mtundu umenewo, kogula pakokha, kamatha kulandira zida mpaka 6 mukazilumikiza ndi pulogalamu yake. Imeneyo ndiyo mbuzi yosowa imene imalola kuyamwitsa ana a inzake. Mukaona chizindikiro cha Bluetooth, yesani kulumikiza ndi laputopu mwachindunji. Koma ngati palibe chilichonse mwa ziwirizi, musataye ndalama ya minibasi kuzungulira mashopu a mu Zomba kufunsa karisiva kapadera. Sungani kiyibodiyo kuti mudzazulemo mabatani, ndipo pogula seti ina, muuze wogulitsa atsegule katoni, alowetse karisiva pa kompyuta yake, mulembe dzina lanu lonse muli pomwepo, musanapereke ndalama.

Nthawi yatithera, ndipo za ziphaliwali ndi masoketi zatsalira sabata ya mawa. Mphunzitsi wa mndandanda wa mayeso uja, mutilemberenso mutasamutsa karisiva, mutiuze ngati Chikondi wapezanso zilembo zake.