Dzanzi la kuphazi: ndi nsapato kapena ndi matenda?

  Ine ndine mlimi mnzanu wa mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo madzulo ndimathandizako kuyang'anira anyamata a mpira m'mudzi mwathu. Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya dzanzi limene limagwira phazi munthu akamathamanga atavala nsapato zatsopano. Ndikuona ena mwayamba kale kuseka, kuti kodi imeneyi n'nkhani yosonkhanitsira anthu? Dikirani ndimalize, abale. Khasu likathyoka timakagula lina, koma phazi ku msika kulibe.

Vutoli limachuluka tikangokolola. Mbatata zikagulitsidwa, kandalama kakalowa m'thumba, aliyense amafuna aoneke bwino. Ikamayandikira 25 Juni, tsiku la ufulu wa dziko lathu, anyamata amakhala atagula kale nsapato za mpira, ana a sukulu nawo agulidwa zothamangira. Mnyamata amalowa m'bwalo nsapato ikuwala, koma chigawo choyamba chisanathe mumuona wakhala pansi akumenyetsa phazi, ati zala sakuzimva. Pamenepo anzake amayamba kunong'onezana kuti a timu inayo athira mankhwala pabwalo. Midzi iwiri imatha kudana chifukwa cha zimenezi, chonsecho wolakwa ali kuphazi konko, wamangidwa ndi zingwe.

Tiyeni tione kaye chimene chimachitika m'kati. A zaumoyo amatiphunzitsa kuti phazi limodzi lili ndi mafupa 26. Pakati pa mafupawo pamadutsa mitsempha ya mitundu iwiri. Ina ndi ya magazi. Ina ndi timitsempha tonga ulusi, timene timanyamula uthenga kupita ku ubongo, kuti apa waponda munga, apa pakutentha, apa pakuzizira. Timitsempha timeneti tikapanikizika, kapena magazi akamavutika kufikako, uthenga suyenda bwino. Poyamba umamva ngati tinyerere tikuyenda m'zala, kenako phazi limangokhala ngati la mwini. Ndi zomwe zija zimatichitikira pamaliro tikakhalitsa pamphasa titapinda mwendo.

Nanga bwanji zimakonda kubwera pothamanga? Chifukwa chake n'chakuti phazi silikhala la msinkhu umodzi tsiku lonse. Likatenthedwa limatupa pang'ono. Komanso pothamanga, nthawi iliyonse imene waponda pansi phazi limasenza kulemera kwa thupi lako kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndiye limaphwasuka, zala n'kutambasuka. Nsapato imene idakukwana bwinobwino m'mawa utakhala pa benchi, masana m'bwalo imasanduka msampha. Malo amene amapanikizika kawirikawiri ndi pamwamba pa phazi pamene pamadutsa zingwe, m'mbali mwa chala chachikulu, ndi pakati pa chala chachitatu ndi chachinayi.

Tsono ife a kuno tili ndi zathu zina zimene zimawonjezera vutoli. Ambiri tidakula tikuyenda chosavala kapena ndi patapata, kubusa ndi kudimba komwe. Mapazi athu ndi otambalala kutsogolo, pamene nsapato zambiri za mpira n'zosongoka. Nambala ikhoza kukhala yako ndithu m'litali, koma m'mbali ikukufinya.

China ndi manambala enieniwo. Kuno kwathu timawerenga 40, 41, 42. Mukangodumpha msewu pa Lizulu kapena pa Biriwiri, abale athu a ku Malawi amati 6, 7, 8, potsata kawerengedwe ka ku England. Munthu wovala 42 kuno, kumeneko amavala 8. Koma mu kaunjika mumabweranso nsapato za ku America, ndipo 8 wa ku America ndi wamng'ono, amafanana ndi 7 wa ku England. Ndiye wina amangotuma mnzake wopita ku msika kuti ukandigulire 8, osadziwa kuti ma 8 alipo awiri. Ndipo paja nsapato ya pa kaunjika ndi yatsopano kwa iwe wekha. Idayenda kale ndi munthu wina, idapindika motsata phazi lake.

Chomaliza ndi mawu aja timanamizana nawo pa msika, akuti tengani bambo, imeneyi ifewa mukamavala. Yachikopa imafewako pang'ono, inde. Koma yapulasitiki siimva zimenezo, ndipo palibe nsapato imene imatalika. Chimene chimagonja ndi phazi lako.

Ndiye tichite bwanji? Ndili ndi mfundo zisanu, zosalira ndalama.

Yoyamba, pitani nokha mukayese, ndipo yesani masana kapena madzulo mutayendayenda, phazi litatupa kale. Yesani mapazi onse awiri mutaimirira, chifukwa anthu ambiri phazi lina limakulirapo. Gulani motsata lalikululo. Ngati mukugulira mwana amene watsala kunyumba, muimikeni pa katoni, mulembereze phazi lake ndi pensulo, mudule, mupite nako ku msika. Kakatoniko kakapindika polowa mu nsapato, isiyeni. Kamtengo kaja timayezera kamangotiuza kutalika, sikatiuza kutambalala.

Yachiwiri, kutsogolo kwa chala chachitali kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja mutachigoneka chopingasa. Zala zizitha kugwedera m'katimo.

Yachitatu, yesani mutavala sokosi zomwe muzikavala pothamanga. Kuno mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, ndiye ena amaphatikiza sokosi ziwiri. Sokosi yachiwiriyo imadya malo a phazi.

Yachinayi ndi kamangidwe. Anyamata amakoka zingwe ngati akumanga thumba la mbatata pa njinga, ena mpaka kuzunguliza chingwe pansi pa nsapato ndi pa kakolo. Mangani moti chala chimodzi chizitha kulowa pansi pa mfundo. Ngati pali malo amene pakupweteka pamwamba pa phazi, dumphani bowo la pamenepo, chingwe chisadutsepo.

Yachisanu, nsapato yatsopano isayambire pa mpikisano. Yambani mwaivala pakhomo, mawa lake mupite nayo ku chigayo, kenako muthamange nayo pang'ono. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri m'pamene mungalowe nayo m'bwalo. Ng'ombe yatsopano sitiimangirira pa ngolo yodzaza tsiku loyamba.

Ngakhale akatswiri zimawachitikira. Mu 1960, pa masewera a Olimpiki mu mzinda wa Rome, padali mnyamata wa ku Ethiopia dzina lake Abebe Bikila. Nsapato zatsopano zimene adapeza kumeneko sizidamukwane bwino, zidamutulutsa matuza. Iye adazisiya n'kuthamanga makilomita 42 chosavala, ndipo adapambana mendulo ya golide. Mu 1964 ku Tokyo adapambananso, ulendo uno atavala nsapato. Sindikunena kuti tonse tivule, ayi, mabwalo athu ali ndi zitsa, minga ndi magalasi. Ndikunena kuti munthu uja adamvera phazi lake, sadamvere kuwala kwa nsapato.

Tsopano ndifike pa chenicheni chimene ndaimirira pano. Dzanzi la nsapato lili ndi khalidwe lake: ukavula, n'kutikita phazi, pakangopita mphindi zochepa limatha. Ukasintha nsapato kapena kamangidwe, silibweranso. Limenelo lisakudetseni nkhawa. Koma lilipo dzanzi lina limene nsapato yatsopano imangoliulula. Wavula koma likadalipo. Wagona, wadzuka, likadalipo. Likubwera ngakhale uli chosavala. Mwina mapazi onse awiri akutentha ngati moto usiku, mpaka kuwatulutsa kunja kwa bulangeti m'nyengo yozizira. Pamenepo musanamizirenso nsapato, ndipo musataye nkhuku kwa woombeza. Pitani ku chipatala.

Matenda amene amayamba chonchi alipo angapo. Oyamba ndi a shuga. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, amawononga timitsempha tija pang'onopang'ono, kuyambira ku zala kumakwera m'mwamba, mapazi onse awiri. Zizindikiro zina ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda. Tisamati amenewa ndi matenda a anthu olemera a ku Tete kapena ku Maputo. Amagwiranso mlimi.

Achiwiri ndi khate. Mu 2008 boma lathu lidalengeza kuti khate lachepa kwambiri m'dziko muno, koma kuchepa si kutha, anthu akupezeka nalobe. Chizindikiro chake ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, limene ukalikhudza sumva kanthu, pamodzi ndi dzanzi m'manja kapena m'mapazi. Khate limachizika. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akayamba kumwa sapatsiranso anzake. Zala zimene zimaduka zija, kawirikawiri chimayambitsa ndi zilonda zimene munthu sakuzimva, chifukwa chochedwa kulandira mankhwala.

Achitatu ndi okhudza abale athu amene ali ndi kachilombo ka HIV kapena akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Kachilomboko pakokha kamatha kubweretsa dzanzi. Kale padali mankhwala ena a ma ARV otchedwa stavudine amene ankavutitsa anthu ambiri mapazi, ndipo kuyambira mu 2010 maiko adayamba kuwasiya potsata malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Ena amene adamwapo kalelo dzanzi lidawatsalira. Pa mankhwala a chifuwa chachikulu palinso amodzi, isoniazid, amene amachita zomwezo, n'chifukwa chake a chipatala amaperekera limodzi vitamini B6. Chonde, amene muli pa mankhwala, musasiye kumwa panokha chifukwa cha dzanzi. Kawauzeni a chipatala, iwo akudziwa chochita.

Ndisaiwale kachasu. Abambo anzanga, musayang'ane pansi. Munthu womwa tsiku ndi tsiku, nsima osadya mokwanira, timitsempha take timafooka, mapazi n'kuyamba dzanzi ndi kutentha. Palinso msana. Ife osenza matumba a mbatata ndi a feteleza, nthawi zina mtsempha umapanikizika kumsana, ululu ndi dzanzi n'kumatsika mwendo umodzi mpaka ku zala. Ndipo ngati dzanzi lagwira mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, mwendo ndi mkono, pakamwa n'kupotoka kapena mawu osamveka, imeneyo ndi ngozi. Musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.

Mwina wina afunsa kuti, ngati sizikupweteka, ndivutikirenji ulendo wa ku chipatala? Abale, kupweteka ndi mlonda wa thupi. Phazi lopanda mlonda limaponda msomali osadziwa. Kamwala kamalowa mu jombo m'mawa, munthu n'kulima nako mpaka madzulo, povula n'kupeza sokosi yanyowa magazi. M'nyengo yozizira timakonda kuwotha moto titatambasula miyendo, ndipo munthu wadzanzi amapsa osamva. Chilonda chotere, makamaka kwa wodwala shuga, chimavuta kupola. Chikalowa m'kati mpaka pa fupa, mapeto ake ndi kudulidwa chala kapena mwendo. Tsono taganizani, bambo wa ana asanu, dimba lili kudambo, munda uli kuphiri, adzafikako bwanji? Ndani adzapalasa njinga kupita ndi kabichi ku msika?

Pali kuyeza kwina kumene tingachite tokha pakhomo. Munthu akhale pansi, atsinzine. Mnzake atenge nthenga ya nkhuku kapena kathonje, azimukhudza pa zala, pansi pa phazi ndi pa chidendene, iye azinena pamene wamva. Pa chidendene pena sipamveka chifukwa cha chikopa cholimba, zimenezo n'zodziwika. Koma ngati pa zala ndi pamwamba pa phazi sakumva, kapena phazi lina likumva lina ayi, mutengereni ku chipatala chathu chapafupi. Zikafunika, iwo adzamutumiza ku chipatala chachikulu ku Ulongwe. Osagwiritsa ntchito singano kapena lezala poyeza, ndipo osatema mphini pa phazi ladzanzi, chifukwa mphini iliyonse ndi chilonda chatsopano.

Amene mwapezeka kale ndi vutoli, muziyang'ana mapazi anu madzulo aliwonse, pansi ndi pakati pa zala. Ngati maso savomera, mwana kapena mdzukulu akuonereni. Musanavale nsapato kapena jombo, igwedezeni ndi kupisamo dzanja. Madzi osamba muziyamba mwawayesa ndi chigongono. Ndipo inuyo makamaka, nsapato yothina ikhale kutali nanu.

Pomaliza ndili ndi mapempho awiri. Loyamba likupita kwa ife a makalabu: sabata ino aliyense akayeze anthu a pakhomo pake ndi nthenga ija, kuyambira agogo, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzauzane kuti tapeza chiyani, osatchula maina a anthu. Lachiwiri likupita kwa akuluakulu a wailesi yathu: tiitanireni namwino kapena dokotala tsiku lina pa pulogalamu ya zaumoyo, kuti omvera afunse okha mafunso a dzanzi, shuga ndi khate. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Kwa inu anyamata a mpira, mukaluza musathamangire kunena kuti bwalo lathiridwa mankhwala. Yambani mwamasula zingwe.