Mau a Mlembi: Zimene Tidaona m'Nyumba Zosungira Nkhalamba



Komiti idatituma ife amayi asanu kuti tikayendere nyumba zosungira nkhalamba, tikaone kasamalidwe kake, ndipo tidzakuuzeni pa tsiku lino la chikondwerero chathu. Zimene zidautsa ulendowu ndi ziŵiri. China ndi ndalama zimene mwakhala mukusonkha chaka chonse, zimene sitifuna kungozimwaza. China ndi agogo athu aja amene nonse mukuŵadziŵa, amene miyendo idauma, alibe mwana ngakhale mbale, ndipo mwini nyumba akufuna chipinda chake.

Atsikana athu ena amafunsa kuti, kodi bwanji m'nyumba zimenezi muli anthu ambiri olankhula chinenero chathu? Mverani ana inu. Makolo athu adabwera kuno dziko lino likutchedwa Southern Rhodesia, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Mpingo udaŵatsata: Mbusa T.C.B. Vlok adafika ku Salisbury m'chaka cha 1912, ndipo Sinodi yathu idakhazikika m'chaka cha 1965. Ambiri sadabwererenso, kumudzi nkuŵatcha machona. Tsono munthu wa kuno akakalamba amapita kwao kumene kuli munda ndi abale, koma mchona alibe koloŵera. Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, ndiponso tinyumba ta kuseri titagwetsedwa pa Murambatsvina m'chaka cha 2005, nkhalamba zambiri zidasoŵa pogona. Ndi chifukwa chake mukafika ku nyumba zonga Bumhudzo ya a Salvation Army ku Chitungwiza, kapena ya Society for the Destitute Aged ku Highfield, simuchedwa kumva moni wa kwathu. Koma nyumba zitatu zimene tifotokoze si zimenezi ayi, ndipo maina ake sititchula pano popeza magazini ino ipita kutali. A komiti akuŵadziŵa.

Nyumba yoyamba idatisangalatsa tili pa geti. Maluŵa, penti yatsopano, pansi pong'anima, ndipo mtengo wake pa mwezi ndi woposa malipiro a amuna athu ambiri. Oyang'anira adatikhazika m'chipinda cha alendo, natipatsa tiyi, natiwonetsa zithunzi. Tidapempha kuloŵa m'zipinda zogona, iwo adati nkhalamba zikupuma. Tidapemphanso kachiŵiri mwaulemu, ndipo mnzathu wina amene adagwirapo ntchito yothandiza anamwino m'chipatala adangodzuka nkuyamba kuyenda.

Amayi, mphuno siinama. Kukhonde la m'kati kudali fungo la mkodzo wogonera, limene mankhwala okolopera adalephera kubisa. Amene amatha kukhala tsonga adaŵandandika pamaso pa wailesi ya kanema, onse duu, palibe wolankhula ndi mnzake. Makapu a madzi adalipo, koma pa tebulo limene dzanja la wodwala silingafike. Mnzathu uja adapempha agogo ena ogona kuti aŵatembenuze, ndipo adapeza chilonda chakuya pa fupa la m'munsi mwa msana, chinanso pa chidendene. Adatiphunzitsa pomwepo kuti zilonda zotere zimabwera munthu akagonera mbali imodzi nthaŵi yaitali, chifukwa magazi saayenda pamene fupa likupsinja khungu, ndipo nsalu yonyowa imafulumizitsa. Khungu limayamba kufiira, ndipo ukalisindikiza ndi chala siliyera. Wodwala wotere ayenera kutembenuzidwa pakapita maola aŵiri aliwonse, usiku ndi usana. Titafunsa mtsikana wina wantchito, adatinong'oneza kuti usiku amatsala yekha nyumba yonse. Mtsikanayo sitikumuda ayi. Manja aŵiri sangatembenuze anthu onsewo, kuŵasintha, ndi kuchapanso.

Nyumba yachiŵiri tikadaiweruza ndi maso okha, tikadabwerera pa geti pomwepo. Denga likudontha pakona, mabulangete ndi opyapyala, ndiwo za tsikulo zidali nyemba ndi kabichi. Koma mazenera adali otsekula, matiresi akuuma padzuŵa, ndipo panalibe fungo. Pa bedi la aliyense wosatha kudzuka padapachikidwa pepala lolembapo nthaŵi imene adatembenuzidwa ndi dzina la amene adamtembenuza. Kabuku ka mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga adationetsa tisadafunse nkomwe, ndipo pamene mankhwala adatha adalemba kuti atha. Opanda mano amaŵaphikira phala ndi nsima yofeŵa, nkumaŵadyetsa atakhala tsonga kuti asatsamwe. Kuseri kuli dimba. Tidapezako abambo ena okalamba kwambiri akuthirira mpiru ndi chitini, ndipo adatikalipira chifukwa tidaponda mzere wao. Kukalipa kumeneko kudatikondweretsa, chifukwa munthu wokalipira mpiru wake akadali ndi chodzukira m'maŵa. Antchito amaitana aliyense ndi dzina lake, ena ndi mfunda wao womwe, a Phiri, a Banda, a Mwale.

Zosoŵa zao sadatibisire: sopo, mateŵera a akuluakulu, magolovesi, mapulasitiki oyala pa matiresi, shuga ndi mafuta odzola. Malipiro a antchito amachedwa, ndipo amene wachoka saapezeka msanga womloŵa m'malo.

M'nyumba yomweyi tidaona chinthu chimene chidatigwetsa misozi. Muli agogo ena odwala nthenda yoiŵala. Adakhala kuno zaka zambirimbiri akulankhula Chishona bwinobwino, koma nthendayi itakula Chishona chonse chidathaŵa, kudatsala chinenero chimene adayamwira. Kumene ankakhala kale anthu adayamba kunena kuti ndi mfiti, chifukwa ankayenda usiku nkumalankhula zosamveka. Amayi Apampando ataŵapatsa moni wa kwathu, agogowo adaŵagwira dzanja osafuna kusiya, nayamba kufotokoza za mtsinje wa kwao ndi za amayi ao ngati adaŵaona dzulo. Pamapeto pake adati nsapato zikuŵapweteka. Kwa miyezi akhala akunena zimenezi popanda womva. Kuiŵala kotere ndi nthenda ya ubongo, amayi, si ufiti. Malamulo aakulu a dziko lino a m'chaka cha 2013 adaika Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo ndime 82 imanena kuti anthu opyola zaka 70 ayenera kusamalidwa ndi abale ao ndi boma. Koma lamulo silikhala pambali pa bedi kumasulira. Womasulira ndi inu ndi ife.

Nyumba yachitatu sititaya nayo nthaŵi. Ndi yaukhondo, chakudya nchokwanira, koma amalandira okhawo otha kuyenda ndi kudzisambitsa. Agogo athu sangaloŵeko.

Ponseponse tidafunsanso za maliro. Ku nyumba yoyamba adati zimenezo nza abale. Ku yachiŵiri adati amayamba auza mpingo wa malemuyo, ndipo mpingo ukapanda kubwera ndi pamene mtembo umaikidwa ndi boma, kopanda nyimbo, kopanda wolira. Apa tidachita manyazi kumva kuti ena mwa oikidwa chotero adali ndi makhadi a Mgonero m'zikwama zao.

Tsono maganizo a ife amene mudatituma ndi aŵa. Thandizo lathu la chaka chino lipite ku nyumba yachiŵiri, ndipo tigule katundu tokha m'malo mopereka ndalama pamanja, sopo ndi mateŵera zikhale patsogolo pa mabisiketi amene timakonda kunyamula. Agogo athu tidakambirana nao, pakuti si katundu woti tingonyamula. Adavomera, koma adati tiŵalonjeze kuti tsiku lao likadzafika tidzaŵaveka yunifomu yao ya Chigwirizano, ndipo tidalonjeza m'dzina lanu nonse. Chotsala ndi kalata ya a Social Welfare, ndipo kumeneko akufuna chitupa, chimene chidatayika pamene nyumba yao idagwetsedwa. Tikupempha amayi aŵiri odziŵa za m'maofesi kuti aperekeze nkhani imeneyi.

Za kuyendera, tigaŵana m'magulu a amayi atatu, gulu limodzi pa sabata. Tsiku musamanene, ndipo nthaŵi zina muzipita madzulo, antchito a masana ataŵeruka. Ku nyumba yoyamba ija tidzapitanso, ndipo tapempha a Session kuti alembe kalata kwa oyang'anira ake za zilonda zija. Kaundula ali kwa Msungichuma pa khomo. Lembetsani maina musanapite ku chakudya, ndipo gulu loyamba linyamuka Lachinai likudzali tikatha mapemphero.