Mapu a tauni yathu akujambula ndani?

Tikudziwa kuti ena mwasiya benchi lanu pa msika m'manja mwa mnzanu kuti mukhale pano, ndiye sitikuchedwetsani.

Tiyambe ndi funso. Mchinji Boma imeneyi anaimangira ndani? Agogo athu ankaitchula Fort Manning, dzina la William Manning, mkulu wa asilikali a Chingerezi amene anamenyana ndi Angoni a Mpezeni mu 1898. Tsidya linalo, Chipata inali Fort Jameson. Ndiye kuti matauni awiriwa anayamba ngati malinga a asilikali, kenako n'kukhala malo otolerera msonkho. Mayi wa lichero la tomato sanali m'maganizo mwa omangawo. Anabwera yekha, n'kudzipezera pokhala m'mbali mwa msewu, ndipo mpaka lero ambiri a ife tikadali m'mbali momwemo.

Tsopano tikwere minibasi mu M12, tipite ku Lilongwe, kumene ambiri timakaoda katundu. Mzinda umene uja sunangomera ngati bowa, ayi. Mu 1968 boma linakhazikitsa Capital City Development Corporation kuti imange likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu linachoka ku Zomba. Anajambula mapu n'kugawa mzinda m'ma Area. Ku Area 10 ndi Area 43 anadula mapuloti aakuluakulu okhala ndi mitengo. Anthu a ndalama zochepa anawaika kutali ndi maofesi, monga ku Area 25. Amene sanapeze puloti anadzimangira okha ku Mtandire, ku Kauma, ku Mgona. Lero mtsikana wa ku Mtandire amakachapa ndi madzi a pampopi m'nyumba ya abwana ku Area 47, koma akaweruka amakaima pamzere pa kiyosiki ndi ndowa yake. Ena amati ndi tsoka lake. Ife tikuti ndi mapu, ndipo mapuwo anajambula ndi anthu.

Kupatula mapu, pali malamulo onena kuti woyenda mumsewu ndani, nthawi yanji, atavala chani. Kuyambira 1973 mpaka 1993, lamulo linkaletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi pagulu. Lamulolo linatha, koma mu Januwale 2012 anyamata ena m'misika ya ku Lilongwe ndi ku Mzuzu anavula akazi ovala mathalauzi masanasana. Mu 2006, pa Operation Dongosolo, mavenda anathamangitsidwa m'misewu ya m'mizinda kuti muoneke bwino. Mu Okutobala 2019, ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, pamsewu womwewu timadutsa ndi katundu wathu, apolisi ena anagwiririra amayi ndi atsikana.

Koma tisangowerenga mabala okhaokha. Mu 2012 amayi anasonkhana ku Blantyre, ambiri atavala mathalauzi omwewo, ndipo dziko linamva. Mu 2017 khoti lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene apolisi ankamangira anthu chifukwa chongopezeka akuyenda usiku. Anakasuma sanali bwana, anali venda wa majumbo, a Mayeso Gwanda. Mu 2020 khoti linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo apepesedwe, atathandizidwa ndi Women Lawyers Association. Palibe mwa zimenezi chimene chinabwera ngati mphatso. Wina anaima, anzake n'kuima naye.

Mwina mukuti, zonsezi zikukhudza bwanji ife a kuno kumalire? Zikutikhudza chifukwa Mchinji ikukula tikuona. Njanji inafika kuno mu 1980, n'kulumikizidwa ndi Chipata mu 2010. Mu Disembala 2022 atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, choti munthu azichita zonse za pamalire pamalo amodzi. Mathiraki akudutsa, malo ogona alendo akumangidwa, minda ya m'mbali mwa msewu ikusanduka mapuloti kuyambira pa Boma mpaka ku Kamwendo. Mapu a Mchinji ya mawa akujambulidwa panopa. Tikachedwa, ana athu adzakhala ndi Mtandire wawo kunokuno, n'kumadzafunsa kuti amayi athu anali kuti.

Ndiye tizifunsa mafunso osavuta, amene mayi aliyense wa geni amawadziwa. Wonyamula zitenje kapena mtedza akachedwa pamalire, agona pati posaopa? Chimbudzi chili pati, chili ndi loko, chili ndi madzi? Kuchoka pa siteji kukafika kunyumba, magetsi a mumsewu akuthera pati? Woyamwitsa akhala pati mvula ikamagwa? Pakati pa Malawi ndi Zambia pali ndondomeko ya COMESA yopeputsira a mabizinesi ang'onoang'ono powolotsa katundu. Ndi angati mwa ife anaifotokozeredwa m'Chichewa? Amene sakuidziwa ndi amene amadzera njira za kutchire, ndipo tonse tikudziwa zimene mkazi amakumana nazo kumeneko.

Tikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, tijambule mapu athu. Pepala lalikulu, cholembera, basi. Tilembepo pamene pali mdima, pamene timatunga madzi, pamene atsikana amazemba chifukwa cha anyamata, pamene madzi amasefukira m'dzinja. Nzeru imeneyi ili ndi ife, akatswiri ochokera ku Lilongwe alibe.

Chachiwiri, tisamataye matikiti a pa msika. Ndalama timapereka tsiku ndi tsiku ija imapita ku khonsolo, ndipo kuyambira 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani likugwira ntchito. Tikhoza kulemba kalata yofunsa kuti chaka chatha anatolera zingati, ndipo zingati zinabwerera mumsika. Kufunsa si mwano, ndalamazo ndi zathu.

Chachitatu, tilowe m'makomiti. Komiti ya msika, VDC, ADC, komanso komiti ya malo. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati mwa anthu 6 osankhidwa mu komiti ya malo, osachepera atatu akhale amayi. Mipando imeneyo ilipo kale. Tisaisiyire alamu athu kuti asankhe mayi amene azingoti eya. Ndipo atsikana, musati ndinu ana. Puloti imene ikugulitsidwa lero ndi imene mudzaifune mukadzafika zaka 30.

Tikakumananso, aliyense abwere ndi matikiti ake a sabata imodzi ndi dzina la malo amodzi amene amaopa kudutsa kukada. Amene mukuwerenga pa tsamba lino muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, chitani chimodzimodzi kwanuko, mutiuze zimene mwapeza. Pepala la mapu tibweretsa ife.