Mlandu wa Pampu ya Dizilo



Munthu akaima pa mseu waukulu umene upyola tauni ya Kafue, makilomita ngati 45 kum'mwera kwa Lusaka, aona magalimoto a mitundu iwiri. Ena ndi malole atsopano opita ku Chirundu ndi ku Livingstone. Ena ndi okalamba: ma Land Rover, ma Hilux, ma Canter, maminibasi ndi mathalakitala, onyamula nsomba za m'dambo la Kafue, mcenga, makala, cimanga ndi anthu. Magalimoto okalamba amenewa ndiwo adyetsa mabanja ambiri. Ena mwa eni ace anawagula ndi ndarama zimene analandira poleka nchito ku migodi kapena ku mafakitale. Galimoto yotere ikagona sabata imodzi, pa nyumba palowa njala.

Tsono injini ya dizilo ikayamba kubvuta, mau oyamba amene mwini wace amamva ndi akuti, "Pampu yafa." Mau amenewa ndi olemera, cifukwa pa zitsulo zonse zimene mafuta apitamo palibe cina ca mtengo woposa pampu. Koma kawirikawiri pampu imaweruzidwa iribe mlandu. Pa bwalo la mfumu munthu samlipitsa mboni zisanalankhule. Nayonso pampu tisaimasule tisanafunse mboni, ndipo tiyambe ndi mboni zosalira ndarama.

Poyamba tidziwe nchito yace. Injini ya dizilo iribe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya kufikira utatentha koposa madigiri 500, ndipo dizilo akapoperedwa m'mpweya wotenthawo amayaka yekha. Nchito za pampu ndi zitatu: kukankha mafuta ndi mphamvu yaikuru kuti aturuke pa injekita ngati nkhungu, kuyesa muyeso wace, ndi kuwatumiza pa nthawi yace yeniyeni. Injini yoyamba ya Rudolf Diesel imene inagwira bwino nchito inayenda m'caka ca 1897 ku Germany, koma inali yolemera kwambiri. Pamene kampani ya Bosch inayamba kupanga mapampu ambiri m'caka ca 1927, mpamene dizilo anafalikira m'malole.

M'magalimoto akale muli mapampu a mitundu iwiri. Ya mzere iri ndi kapisitoni kamodzi pa silinda iri yonse, ndipo imapezeka kwambiri m'malole akulu. Yozungulira iri ndi mutu umodzi wogawira masilinda onse motsatana, monga mai agawira ana ndiwo za m'mphika umodzi. Yotere ndi CAV DPA, imene inaturuka m'caka ca 1956 ndipo iri m'ma Land Rover akale ndi m'thalakitala ya Massey Ferguson 135. Yoterenso ndi Bosch VE, imene mapangidwe ace anatengedwa ndi a ku Japan, naikidwa m'ma Hilux ndi ma Isuzu. Cinthu cimodzi musaiwale: m'pampu yozungulira mulibe oilo. Dizilo yemweyo ndiye ateretsa zitsulo zace. Ndipo mpata wa pakati pa zitsulozo ndi wocepa kotero kuti tsitsi la munthu liuposa kukula koposa kakhumi. Cifukwa cace adani a pampu ndi madzi, pfumbi ndi mafuta osaterera.

Mboni yoyamba ndiyo mafuta. Masulani kabauti ka pansi pa fyuluta, tsanulirani dizilo pang'ono m'botolo loyera, ndi kuliika pansi kanthawi. Madzi alemera koposa dizilo, ndipo mudzawaona atakhala pansi. Inu a ku Kafue mukhala pafupi ndi mtsinje, kumene mpweya uli ndi cinyezi. Usiku wa Juni ndi Julayi thanki yosadzala imacita thukuta m'kati, ndipo madziwo amabala dzimbiri. Cenjeraninso ndi dizilo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Mtengo wace ukondweretsa, koma simudziwa cigubuco cinasunga ciani kale, ndipo akakhala wosakaniza ndi parafini saterera mokwanira, napala pampu m'kati pang'onopang'ono.

Mboni yaciwiri ndiyo fyuluta. Galimoto imene iyenda bwino pa cigwa, koma ifoka pokwera mapiri a Munali pa ulendo wa ku Mazabuka, kapena pa zitunda za mseu wocokera ku Chirundu, kawirikawiri imakhala ndi njala ya mafuta. Pa citunda injini ifuna mafuta ambiri, ndipo fyuluta yotsekeka siwalola kupita. Ikani yatsopano musanaganize za cina. Tsegulaninso cibvundikiro ca thanki: mukamva mpweya uli kulowa mwamphamvu, kabowo kopumira katsekeka.

Mboni yacitatu ndiyo mpweya wolowa m'mapaipi. Madzi ndi mafuta sizipanikizika, koma mpweya upanikizika, cotero pampu ikaumeza imakankha cabe, injekita osatseguka. Zizindikiro zace ndi izi: injini ilira kenaka izima, kapena ikagona usiku ikana kulira m'mawa. Ikani kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu. Mukaona thobvu liri kuyenda, funani paipi yong'ambika kapena mphira ya fyuluta yosakhala bwino. Pocotsa mpweya, masulani kabauti ka pamwamba pa fyuluta, popani kapampu ka pamanja kufikira mafuta aturuke opanda thobvu, ndi kumanga. Citani comweco pa pampu ngati iri ndi kabauti kotere. Pomaliza masulani pang'ono manati a pa mainjekita, zunguzani injini kufikira dizilo aturuke, mangani, ndipo lizani. Sitata musaigwiritse nthawi yaitali, ipumitseni, ingapse.

Mboni yacinai ndiyo magetsi. Pa mutu wa pampu ya VE pali kavavu ka magetsi kamene kamatseka mafuta mukazima kiyi. Mnzanu apotoze kiyi, inu mumvetsere: kayenera kulira kuti "tha." Kakapanda kulira, onani fyuzi ndi waya wace. Pa magalimoto ozimitsa ndi cingwe cokoka, onani ngati cingweco cabwerera kufikira kumapeto. Batire yofoka nayonso imanamizira pampu, pakuti injini yozungulira pang'onopang'ono sitenthetsa mpweya. Comweconso mapulagi otenthetsa m'silinda: akapsa, m'mawa wa cisanu injini idzakana, koma masana idzalira bwino.

Mboni yacisanu ndiyo utsi, ndipo imeneyi sinama. Utsi wakuda utanthauza kuti mafuta acuruka kapena mpweya wacepa: onani fyuluta ya mpweya, imene m'miseu ya pfumbi imatsekeka msanga, ndipo ganizirani injekita yodontha kapena katundu wopyola muyeso. Utsi woyera wonunkha dizilo ndi wotsotsa m'maso ndiwo mafuta osapsa: nthawi yopopera yacedwa, kapena silinda siipanikiza bwino. Utsi woyera ngati nthunzi, madzi a m'ladiyeta namacepa, ndiyo gasiketi ya mutu wa injini. Utsi wobiriwira ngati thambo ndiwo oilo ali kupsa, ndipo mlandu umenewo ngwa mapisitoni ndi mavavu.

Mboni yacisanu ndi cimodzi ndiyo mainjekita. Injini iri kulira pang'onopang'ono, masulani nati wa injekita imodzi, mutaphimba ndi nsanza. Kulira kwa injini kukasintha, silinda imeneyo inali kugwira nchito. Kukapanda kusintha, mwaipeza yodwala. Sinthanitsani injekita imeneyo ndi ya silinda ina. Bvuto likatsata injekita, wolakwa ndi injekita. Likatsala pomwepo, funsani silinda kapena pampu. Apa ndikucenjezani kolimba. Nkhungu yoturuka pa injekita imaboola khungu ngati singano. Balalo lioneka laling'ono, koma dizilo wolowa m'thupi aoletsa mnofu, ndipo munthu akhoza kutaya cala kapena dzanja. Zikacitika, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo, ndi kuwauza kuti ndi mafuta olowa ndi mphamvu.

Mboni yotsiriza ndiyo nthawi yopopera, imene amakaniko amati taimingi. Pampu ikafulumira, injini imagogoda ngati nyundo. Ikacedwa, injini imafoka, nitentha, niturutsa utsi woyera. Onani ngati zizindikiro za pa lamba kapena pa magiya zilingana monga linena buku la galimotoyo. Lamba wokalamba akalumpha dzino limodzi lokha, pampu yabwino imaoneka ngati yakufa.

Nanga mboni zonsezi zikapezeka zoyera, pampu yodwaladi tiizindikira bwanji? Mafuta oyera ndi opanda thobvu afika pa pampu, kavavu katseguka, koma m'mapaipi a mainjekita simuturuka kanthu. Kapena injini ilira bwino iri yozizira, koma ikatentha ndi kuzima ikana kufikira itazizanso: pamenepo mutu wa pampu waperepeseka, ndipo dizilo wotentha, pokhala wopyapyala, athawira m'mipata. Musathirepo madzi ozizira monga acitira ena, pakuti citsulo cotentha cikazizira mwadzidzidzi cikhoza kugwirana. Kapena injini ikwera ndi kutsika yokha phazi lanu liri phee: ndiye gavana, kamene kamalamulira liwiro. Kapenanso oilo wa m'injini acuruka m'malo mocepa, nanunkha dizilo: mphira ya kutsogolo kwa pampu yatha, ndipo galimotoyo isayende kufikira itakonzedwa. Mukaona tizitsulo tonyezimira pa kavavu kaja, pampu iri kudzidya yokha.

Za kucuca ndinenepo mau ena. Paipi ya TAZAMA, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inatha kumangidwa m'caka ca 1968, ndipo kuyambira 1973 mafuta anali kuyengedwa ku Indeni. M'caka ca 2023 paipiyo inayamba kubweretsa dizilo woyengedwa kale, wa salifa wocepa. Dizilo wotere ndi wabwino ku mapapu athu ndi ku injini zatsopano. Koma m'maiko ena amene anasintha kale kunaoneka kuti mphira zokalamba za m'mapampu akale zimafota ndi kuyamba kucuca. Pampu yocuca pa cibvundikiro siinafe. Ifuna mphira zatsopano cabe, ndipo munthu wokuuzani kuti mugule pampu ina cifukwa ca kudontha kokha mumfunse kawiri.

Tsono pampu ikapezeka yolakwa, nchito yanu ndi kuicotsa bwino. Tsukani kunja konse, zunguzani injini kufikira zizindikiro zilingane, lembani mzera pa pampu ndi pa injini kuti mudzaibwezere pomwe inali, ndipo tsekani mabowo onse. Koma musaitsegule pansi pa mtengo. Mphepo ya Ogasiti ndi Sepitembala imanyamula pfumbi lokwanira kupha pampu yatsopano. M'kati mwace muyenera kulowa munthu amene ali ndi makina oyesera, amene amazunguza pampu ndi kuyesa mafuta oturuka pa paipi iri yonse. Magalaja otere alipo ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Tengani mainjekita pamodzi ndi pampu, pemphani kuti akulembereni zimene apeza, ndi kukubwezerani zitsulo zakale zimene acotsa. Musanaibwezere, tsukani thanki ndi kuika fyuluta yatsopano, pakuti cimene cinapha pampu yoyamba cikadali m'menemo.

Pali kabauti kamodzi kamene opanga anakamanga ndi cidindo: ndiko koyesa mafuta. Alipo ena amene amakapotoza kuti galimoto ikoke kwambiri. Cotsatira cace ndi utsi wakuda, mafuta otha msanga, ndi mapisitoni opsa. Nthawi zina injini imathawa yokha, nikana kuzima ngakhale mutacotsa kiyi. Zikatero, tsekani polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja kapena nsanza. Kapena pondani mabuleki, ikani giya la pamwamba, ndi kuleka kalachi.

Zonse ndanenazi ndi za magalimoto akale. Atsopano, amene mainjekita ace alamulidwa ndi kompyuta, ali ndi mphamvu yaikuru koposa m'mapaipi ao, ndipo manati ace musawamasule injini iri kulira.

Anzanga, akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Galimoto yanu ikakana mawa, yambani ndi botolo loyera, kenaka fyuluta, thobvu, waya, utsi, injekita ndi lamba. Zonsezi zilira sipanala imodzi ndi theka la tsiku. Pampu ibwere potsiriza. Ndipo kuti ikhalitse, gulani dizilo pa malo odziwika, gonekani thanki yodzala m'miyezi ya cisanu, khuthulani madzi a m'fyuluta sabata iri yonse, ndi kusintha fyuluta pa nthawi yace. Fyuluta ndi ya mtengo wocepa. Pampu ikhoza kudya phindu la miyezi yambiri.