Phungu Timuyeze ndi Zimene Amanena M'nyumba ya Malamulo

Zikomo pondipatsa ulemu woti ndiyankhule pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu la Malawi.

Pa 6 July timakonda kutchula mayina a amene anamenyera ufulu, ndipo n'koyenera kutero. Koma ufulu ukafika, umasamalidwa kapena kuwonongedwa ndi anthu amene timawatuma ku Nyumba ya Malamulo kuti akayankhule m'malo mwathu. N'chifukwa chake lero ndikufuna tione ntchito ya phungu mmodzi wa dziko lino la Scotland, amene ambiri a ife tinamva dzina lake tisanaponde n'komwe ku Glasgow kapena ku Edinburgh. Ndikunena a Jack McConnell, amene masiku ano amatchedwa Lord McConnell of Glenscorrodale. Muno muli anthu a zipani zosiyanasiyana, ndipo sindikukopa aliyense kuti alowe chipani chawo cha Labour. Ndawasankha chifukwa zimene akhala akunena zinalembedwa, aliyense atha kuziwerenga, ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikubwerera pa nkhani zitatu: mphamvu ku anthu, umphawi wa ana, ndi ubale wa dziko lawo ndi mayiko ena.

A McConnell anabadwa mu 1960 ndipo anakulira pa famu ya nkhosa pa chilumba cha Arran. Anaphunzitsapo masamu kusekondale, kenako anakhala khansala ku Stirling mpaka kutsogolera khonsoloyo. Ndale anaziyambira pansi, kumene anthu amabwera ndi madandaulo a nyumba yodontha ndi sukulu yosowa aphunzitsi. Pa nthawiyo malamulo onse okhudza Scotland ankapangidwa ku London. A McConnell anali m'gulu la anthu a zipani, mipingo ndi mabungwe a apantchito amene anakhala pansi zaka zingapo kukonza ndondomeko yoti Scotland ikhale ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake. Pa 11 September 1997 anthu anafunsidwa pa riferendamu, ndipo 74 mwa anthu 100 alionse amene anavota anavomera. Mu May 1999 anasankhidwa aphungu 129 oyamba, a McConnell ali mmodzi wa iwo, akuimira Motherwell and Wishaw, dera limene linavulala kwambiri fakitale ya zitsulo ya Ravenscraig itatsekedwa mu 1992. Anakhala nduna ya zachuma, kenako ya zamaphunziro, ndipo kuyambira November 2001 mpaka May 2007 anali Nduna Yaikulu ya Scotland.

Chimene ndimachilemekeza n'chakuti mphamvu zitabwera, sizinangokhala papepala. Maphunziro, zaumoyo, nyumba ndi makhonsolo zinakhaladi m'manja mwa aphungu a ku Edinburgh, pamodzi ndi ndalama zake. Mu March 2006 Scotland inaletsa kusuta fodya m'malo ofikamo anthu ambiri, England isanatero. Panali ena amene ankawopa kuti eni mabala akwiya ndipo mavoti athawa, koma lamulo linadutsa, ndipo woperekera zakumwa amene ankapuma utsi wa anthu ena usiku wonse anapeza mpumulo. Mu 2014, pa riferendamu yofunsa ngati Scotland idziimire payokha, a McConnell anali mbali yokana. Ena mwa inu munavota mosiyana nawo, ndipo ndi ufulu wanu. Koma chilowereni m'nyumba ya malamulo ya ku London yotchedwa House of Lords mu 2010, sanaleke kukumbutsa boma la ku London kuti mphamvu zimene zinaperekedwa ku Edinburgh zizilemekezedwa ndiponso kuti maboma awiriwa azigwirira ntchito limodzi.

Apa mtima wanga umathamangira kwathu. Chaka chomwecho cha 1998 chimene lamulo lokhazikitsa Nyumba ya Malamulo ya Scotland linadutsa, ifenso ku Malawi tinavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Tinasankha makhansala mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Zaka zonsezo, mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene mjigo wa m'mudzi mwake unawonongeka analibe munthu wosankhidwa ndi iye woti akamuyankhulire kukhonsolo. Ngakhale lero makhonsolo amadandaula kuti ndalama zimafika mochedwa ndiponso zoperewera, ndipo mkangano wa aphungu ndi makhansala pa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) mukuudziwa nonse. Tinayamba ulendo chaka chimodzi ndi anzathuwa, koma ife tinapereka ntchito kumaboma, chikwama n'kutsala ku Capital Hill.

Ndibwere kwa ana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse kuno ku Scotland ankakulira m'banja losauka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2000 chiwerengerocho chinatsika kufika pafupifupi mmodzi mwa anayi. Kunena chilungamo, mbali yaikulu ya kutsikako inachokera ku ndalama zothandizira mabanja zimene boma la ku London linakhazikitsa, chifukwa nthawi imeneyo Edinburgh inalibe ulamuliro pa ndalama zoterozo. Chimene a McConnell anali nacho m'manja chinali sukulu ndi chisamaliro cha ana, ndipo monga munthu amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi, ankabwereza nkhani ya ana oleredwa ndi boma, amene makolo awo analephera kuwasunga, ndipo amatuluka sukulu opanda satifiketi kuposa anzawo. Ana amenewa savota, alibe wowapangira zionetsero, ndipo phungu amene amawatchula amadziwa kuti palibe chisankho chimene adzapambane chifukwa cha iwo.

Mbewu ya 1999 ija inadzabereka iwo atachoka kale pampando, m'manja mwa chipani china. Lamulo la 2016 linawonjezera mphamvu za Edinburgh pa ndalama zothandizira mabanja. Mu 2017 aphungu a zipani zonse anagwirizana pa lamulo lolamula boma kuti pofika 2030 ana osauka asafike 10 mwa 100 alionse. Mu February 2021 inayamba Scottish Child Payment, mapaundi 10 pa sabata kwa mwana wosafika zaka 6 wa m'banja lopeza movutikira, ndipo pofika November 2022 inakwera kufika mapaundi 25, kwa ana osafika zaka 16. Ana ambiri akadali mu umphawi kuno, ndipo amayi amene mumagwira ntchito yosamalira okalamba usiku mukudziwa kutalika kwa mwezi. Komabe mayi amene amalandira ndalamayi sachita kufotokozeredwa ubwino wa Nyumba ya Malamulo ya pafupi. Kwathu tili ndi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, koma mbali yaikulu ya ndalama zake imachokera kwa abwenzi akunja. Ndikufuna ndidzamve aphungu athu ku Lilongwe akukangana pa za Mtukula Pakhomo ndi ukali womwe amakanganirana pa za malipiro awo.

Nkhani yachitatu ndi imene yatisonkhanitsa m'dziko lino. Malinga ndi lamulo la 1998, zokhudza mayiko akunja zinatsala m'manja mwa London. Choncho a McConnell atapita ku Malawi mu May 2005, panali anthu kuno amene anawadzudzula kuti akuchita ntchito yosakhala yawo. Iwo anaona kuti dziko limene linabala David Livingstone, limene anthu ake anatsegula mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, ndipo mpingo wake unayankhulira anthu athu atatsekeredwa m'ndende mu 1959, silingatseke maso chifukwa choti lapeza boma lake. Mu November 2005 anasainirana pangano ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika ku Edinburgh, lokhudza zaumoyo, maphunziro, ulamuliro wabwino ndi chitukuko cha chuma. Thumba loyamba linali la mapaundi 3 miliyoni pa chaka, ndalama yochepa tikaiyerekeza ndi mavuto athu. Phindu lake lenileni linali kutsegula njira yoti sukulu ilumikizane ndi sukulu, chipatala ndi chipatala, mpingo ndi mpingo. Maboma asintha kuno ndi kwathu komwe, koma pangano silinafe. Mu 2018 a Nicola Sturgeon ndi a Peter Mutharika anasainirana latsopano.

Ku House of Lords a McConnell akhala akuyambitsa ndi kutenga nawo mbali pa zokambirana za zolinga 17 za chitukuko zimene mayiko anagwirizana ku United Nations mu 2015, zomwe zimamanga Britain ndi Malawi mofanana. Anatsutsa poyera pamene boma linadula thandizo lopita kunja mu 2021, kuchoka pa mapeni 70 kufika pa mapeni 50 pa mapaundi 100 alionse a chuma cha dziko. Mu February 2025 boma la chipani chawo chomwe linalengeza kuti lidulanso kufika pa mapeni 30. Izi zikutiphunzitsa kuti mawu a phungu mmodzi sapambana nthawi zonse. Ndinenenso poyera kuti a ku House of Lords sasankhidwa ndi anthu, ndipo ine ndimakhulupirira kuti wopanga malamulo azichokera m'bokosi la mavoti. Koma pamene mankhwala akusowa pa chipatala cha kumudzi chifukwa cha chiganizo chopangidwa ku London, ndi bwino kuti m'chipindamo mukhale munthu amene anafikako ndipo angaimirire n'kutchula dzina la Malawi.

Abale anga, kwathu tazolowera kuyeza phungu ndi mabokosi a maliro amene wagula ndi galimoto imene wabwereketsa kunyamula odwala. Sindinyoza zimenezo, pakuti umphawi ndi umene umatifikitsa pamenepo. Koma phungu amene watha zaka zisanu osafunsapo funso pa za ndalama za makhonsolo, kapena pa za mwana amene wasiya sukulu chifukwa cha njala, sanagwire ntchito imene tinamutuma. Zonse zimene aphungu amanena zimalembedwa m'buku lotchedwa Hansard, ku London ngakhalenso ku Lilongwe, ndipo ku Edinburgh kuli lake lotchedwa Official Report. Kwathu zokambiranazo zimachitika m'Chingerezi, motero agogo athu amene anaima pamzere kuyambira m'bandakucha kuti avote samva zimene wowaimira ananena. Inu ndi ine timamva. Mukamaimba foni kumudzi kufunsa ngati ndalama ya feteleza yafika, auzeninso zimene phungu wawo wanena kapena sananene.

Ndipo kuno musadzione ngati alendo ongodutsa. Munthu wa ku Malawi wokhala movomerezeka m'dziko lino ali ndi ufulu wovota pa chisankho cha aphungu a ku Edinburgh ndi cha makhansala, ndipo ana athu amayamba kuvota pa zisankho zimenezi akafika zaka 16. Kalembetseni. Dziwani dzina la phungu wa dera lanu, mulembereni kalata za mavuto a ziphaso amene abale athu amakumana nawo akafuna kudzationa, ndi za thandizo limene likudulidwa. Ndapempha a komiti ya bungwe lathu kuti pakhomo paja pakhale achinyamata othandiza aliyense amene sanalembetse, ndipo avomera.

Mayi Wapampando, ndi mawu amenewa ndikutsegulira chikondwerero chathu cha ufulu. Mulungu adalitse Malawi, adalitsenso dziko la Scotland limene latilandira.