Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Anthu Ozunzidwa

Wotsogolera mwambo uno, Bwana DC, Gogo Chalo ndi mafumu onse, aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, oweruza milandu ndi maloya, akuluakulu a polisi ndi a ndende, masheikh, abusa ndi ansembe, a mabungwe oona za ufulu wachibadwidwe, atolankhani, amayi a kwaya amene mwaimba mpaka ine kuiwala kuti ndili ndi zoyankhula, ana asukulu amene mwapirira dzuwa apo, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse. Ngati ndadumpha wina, mlandu ndi wa amene anandilembera kapepalaka.

Pa 26 Juni maiko amakumbukira anthu amene anazunzidwa ali m'manja mwa boma. Ife akuluakulu tikangomva zimenezi, maganizo amathamangira ku Mikuyu ndi ku Dzaleka, nthawi ya chipani chimodzi. Koma lero ndikukumbutseni za 2003, demokalase itakhazikika kale.

M'mwezi ngati uno, mumzinda wa Blantyre munagwidwa amuna asanu: awiri a ku Turkey, wina wa ku Kenya, wina wa ku Sudan, wina wa ku Saudi Arabia. Ankawaganizira kuti amathandiza zigawenga za al-Qaeda. Maloya awo anathamangira ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndipo bwalo linaletsa kuti anthuwa asatulutsidwe m'dziko muno. Linati boma liwazenge mlandu kapena liwamasule. Chiletso chili chikhalire, anthu aja anakwezedwa ndege, ali m'manja mwa Amereka. Patapita pafupifupi mwezi anatulukira ku Sudan, omasulidwa, opanda mlandu. Pakati apo ku Mangochi kunabuka zipolowe, matchalitchi n'kuonongedwa. Atsogoleri a zipembedzo muli panowa simunaiwale.

Musandimve molakwika. Uchigawenga si nthano. Mabomba a mu 1998 ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam anapha anthu oposa 200, ndipo abale athu a ku Cabo Delgado ku Mozambique akhala akuthawa m'midzi yawo kuyambira 2017. Achitetezo athu amagona panja kuti ife tigone m'nyumba, ndipo ayenera kuomberedwa m'manja. Ombani ndithu! Komabe bwana wa polisi, inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo gawo 19 limaletsa kuzunza munthu. Palibe pamene analemba kuti kupatula akapempha ndi dziko lolemera.

Kulakwa boma lililonse limalakwa. Chimene chimandisowetsa tulo ndi zimene limachita likazindikira kulakwako. Mu 2002 Maher Arar, nzika ya Canada, anagwidwa pa bwalo la ndege ku New York, n'kutumizidwa ku Syria, kumene anamenyedwa ndi kutsekeredwa pafupifupi chaka m'kachipinda konga manda. Atabwerera kwawo, boma la Canada linaika woweruza milandu, Dennis O'Connor, kuti afufuze. Anapeza kuti apolisi a Canada ndiwo anapereka uthenga wolakwika kwa Amereka. Mu 2007 nduna yaikulu, Stephen Harper, inapepesa poyera, ndipo Arar analandira chipepeso cha madola a ku Canada 10.5 miliyoni. Boma la Canada silinagwe chifukwa chonena kuti pepani.

Ngakhale ku Amereka komweko, lipoti la aphungu a Senate la mu 2014 linaulula kuti mwa anthu 119 amene bungwe la CIA linawasunga mobisa, osachepera 26 anasungidwa molakwika.

Tsono aphungu athu, poti mwabwera nokha, pempho langa nali. Mlandu suola. Kafunseni m'Nyumba muja kuti ndani analamula kuti ndege ija ya mu 2003 inyamuke khoti litakaniza, ndipo yankho lake limveke pa wailesi, osati m'chipinda chotseka. Inunso ana asukulu, sungani nambala ija pamtima, 48, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndaona wotsogolera mwambo wayang'ana wotchi kachitatu, ndiponso fungo la ndiwo lafika kale kuno. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti zokambirana za lero zatsegulidwa.